Mafoda Onse Pamalo Amodzi

Namwino anafika pakhomo cha m'ma 8 koloko m'mawa, yunifolomu ikununkha mankhwala, n'kupeza laputopu ya m'nyumbamo ili yotsegula patebulo lodyera. Amene anaikhalira anali mlamu wake, mchemwali wamng'ono wa amuna ake, yemwe aliyense ankamutchula kuti Mawaya chifukwa cha ntchito yake yokonza makompyuta. Amuna akewo anali ataimirira kumbuyo kwa mpando, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mwafika nthawi yabwino, mayi a mwana," anatero bamboyo akumwetulira. "Timadikira pasiwedi yanu."

Laputopuyo inali ndi mbali ziwiri. Ukaiyatsa inkayamba yafunsa kuti ulowa kuti. Mbali ina inali ya bamboyo, ya mapulogalamu ake ojambulira mapulani a nyumba. Inayo inali ya namwino, ya mtundu wina, yokhoma ndi pasiwedi yakeyake. Kuti uchoke uku n'kupita uko, unkayenera kuzimitsa n'kuyatsanso.

"Ndatopa nako kuzimitsazimitsa," bamboyo anapitiriza. "Dzulo ndimafuna satifiketi ya mwana, ili mbali yanu. Zithunzi za ukwati, mbali yanu. Ndiye Mawaya wadula malo apakati. Mafoda anu ndi anga akhala pamodzi, aliyense azitsegula ali kwake."

Namwino anaika chikwama pansi pang'onopang'ono. Pa mafoda akewo panali ina yolembedwa kuti "Ndandanda ya ntchito", koma munalibe ndandanda iliyonse. Munali zithunzi khumi ndi zinayi za mkono wake, khosi ndi nthiti, chilichonse ndi tsiku lake. Munalinso mawu amene anajambula foni ili m'thumba la epuloni, ndi kalata ya loya yoti akaonane Lachiwiri. Pafoni anazifufuta kalekale, poti foniyo amuna ake ankaifufuza sabata iliyonse.

"Bwanji ndiyambe ndasamba?"

"Pasiwedi sifuna sopo." Bamboyo anaseka, n'kumuika dzanja kumbuyo kwa khosi. Sanafinye. Anangolisiya pomwepo.

Koyamba namwino analakwitsa dala. Kachiwiri zala zinalakwitsa zokha.

"Alamu, odwala mumawabaya jakisoni ndi manja omwewa?" anafunsa Mawaya. "Ine ndikadwala ndipita kwina."

Kachitatu inatseguka. Mawaya anayamba kusamutsa, foda imodziimodzi, ndipo iliyonse ankayamba waitsegula kuti aone kukula kwake. Nyimbo zinapita. Zithunzi za mwana zinapita, bamboyo akuloza pa sikirini n'kumaseka mano a mwana amene anali ataguluka. Namwino anawerenga mafoda otsala. Anali atatu.

Foni ya bamboyo inalira. Anali kapitawo wa kumalo kumene ankamanga, ndipo bamboyo anatembenukira kuwindo akukalipa za simenti. Nthawi yomweyo Mawaya anatsegula ndandanda ija.

Tizithunzi tinadzadza sikirini. Dzanja la Mawaya linaima pa mausi. Pa chithunzi chachitatu, kumbuyo kwa khosi lotupa, pankaoneka katani ya kukhitchini imene iye mwini anawagulira. Anakweza maso n'kuyang'ana kolala ya yunifolomu, yomangidwa mpaka batani lomaliza ngakhale kunja kunkatentha. Kenako anatseka fodayo.

"Chimenecho chinali chiyani?" Bamboyo anali atabwerera.

"Zilonda za odwala," anatero Mawaya, mawu ake osasintha. "Alamu, zinthu izi sitisunga pa kompyuta ya kunyumba."

"Tsegula ndione."

"Mwangomwa tiyi kumene, achimwene. Mubweza."

"Ndati tsegula."

Mawaya anadina mabatani angapo mwachangu. Sikirini inada, n'kuyamba kutsika timalemba toyera.

"Mwaona? Yakhoma. Mbali yanu ija, achimwene, dzulo simunaizimitse, munangotseka chivindikiro. Ikagona choncho imagona ndi malo apakatiwo. Ndikaikakamiza, mapulani anu onse apita." Anatambasula dzanja osamuyang'ana. "Kachikwama kanga ka zida ndakasiya m'galimoto mwanu, pansi pa mpando."

Bamboyo anayang'ana mchemwali wake, kenako mkazi wake. Mapulani aja anali ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi. Anatola makiyi.

Chitseko chitangotsekeka, Mawaya anatulutsa fulashi m'thumba la jinzi n'kuibaya m'mbali mwa laputopu. Sikirini inabwerera bwinobwino, ndipo anayamba kukopera foda ija m'fulashimo.

"Zinayamba liti?"

"Mwana asanabadwe."

"Ndiye n'kumandiphikira Lamlungu lililonse osanena kanthu?" Mawu ake anali aukali, ngati wolakwa ndi namwinoyo. Kamzere kobiriwira kankayenda pang'onopang'ono. Panja panamveka chitseko cha galimoto chikumenyetsedwa. "Amene aja ndi achimwene anga. Anandilera ndi iwowo. Ine sindinaone kanthu, mwamva? Musadzanditchule kulikonse."

"Ndamva."

Mapazi anali pamasitepe pamene kamzere kanafika kumapeto. Mawaya anafufuta fodayo, anazula fulashi n'kuiponya m'thumba la yunifolomu, momwe munali lumo ndi pulasitala.

Bamboyo anaika kachikwama patebulo. "Tsopano tsegula."

"Ndafufuta. Akawagwira nazo kuntchito, nanenso ndilowa m'mavuto poti ndazigwira."

Bamboyo anakoka laputopu, n'kuyamba kutsegula yekha mafoda a mkazi wake, imodziimodzi, mpaka ya maresiti a magetsi. Anatenga mphindi makumi awiri. Namwino anaima pomwepo osasuntha, akumva kulemera kwa kanthu kaja m'thumba. Mawaya ankakulunga mawaya amene anali okulunga kale.

"Kasambeni," anatero bamboyo pomaliza.

Mawaya sanachoke tsiku limenelo. Anati disiki ikufunika kuyang'aniridwa, ndipo anagona pa sofa masiku atatu, akudandaula za msana.

Lachiwiri namwino anatuluka ndi mwana ngati akupita naye kusukulu, ndipo sanabwerere. Fulashi anaipereka kwa loya. Kwa miyezi itatu Mawaya sanayankhe foni yake. Tsiku la mlandu anabwera, n'kukhala pa benchi ya kumbuyo kwa achimwene ake, maso ali pansi. Namwino atafunsidwa ngati panali wachibale aliyense amene anaonapo zithunzizo, anayankha kuti panalibe.