Kulemera kwa Yotam

"Tsegulani, ndione nkhope ya mwana wanga!"

Amayi anga, a Ottilia, anali atakakamira mbendera yokutira bokosi. Kwathu ku Sinda sitiika munthu osamuona nkhope, ndipo iwo anali atanenetsa kuti Yotam, mlongo wanga, ali moyo, boma langosokoneza mayina.

Mkulu wa asilikali anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. M'mawa anali atatifotokozera za kulimba mtima kwa Yotam kudziko lakutali kumene ankasungitsa mtendere: anatsala yekha pamlatho kutchinga adani mpaka anzake onse atawoloka, kenako bomba linamupeza. Anabweretsanso mendulo. Amayi sanaiyang'ane n'komwe.

"Inu ndinu wamkulu, ndikuuzeni zoona," anatero mkulu wa asilikaliyo. "Nkhope palibe. Zimene tinatola n'zochepa, bokosilo n'lopepuka kwambiri."

Ndinkawadziwa amayi anga. Akangoona kupepukako adzati m'bokosi mulibe munthu, ndipo adzakhala pamsewu kudikira Yotam mpaka imfa.

"Anyamata anga anyamula ngati n'lolemera," anandilimbitsa mtima.

"Nanga kumanda? M'dzenje salowa asilikali, bwana. Amalandira ndi adzukulu."

Ndinathamangira kumanda wopanda nsapato. Mkulu wa adzukulu okumba dzenje anali a Fanuel, munthu wa pakamwa popanda chotseka, woseketsa anthu maliro ali pakhomo. Mwa anthu onse, chinsinsi changa chikagwere iwowa! Ndinagwada n'kuwauza zonse.

"Ndiye tiike mphepo?" anatero akupukuta khasu. "Mendulo ija undipatse ine, ndikasinthe ndi kachasu."

"A Fanuel, chonde, amayi adzapenga."

"Choka iwe, Winfrida. Mkazi safika kuno dzenje lisanathe."

Ndinabwerera ndikulira, ndikuwatukwana mumtima.

Masana mfuti zinalira kumanda, ana n'kubisala m'zitenje za amayi awo. Amayi anaima pamphepete penipeni pa dzenje, maso ouma gwa, akuyang'ana manja a aliyense wogwira bokosi. Asilikali analitsitsa. A Fanuel, ali m'dzenjemo, analilandira, ndipo ndinaona ndi maso angawa manja awo akudumphira m'mwamba chifukwa cha kupepuka.

Mwadzidzidzi mawondo awo anapinda.

"Mayo, msana wanga! Gwirani zolimba anyamata, chindiphwanya chimunthuchi! A Ottilia, mwanayu munkamudyetsa chiyani?"

Adzukulu anzawo anayamba kubuula nawo, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Amayi anayang'anitsitsa kanthawi, kenako anagwa chagada m'manja mwanga.

"Ndi iye! Yotam wanga, ndi iye!"

Kanali koyamba kulira chifikireni uthenga.

Pobwerera kumudzi a Fanuel anali patsogolo pathu, khasu paphewa. Sanandiyang'ane. Njira yonse ankatsimphina atagwira msana, poti amayi anali pambuyo pawo.