Si Mnzake, Ndi Mkazi Wake

Bambo Nissim analowa m'nyumba atafiira maso, n'kuponya envulopu patebulo.

"Andibweza," anatero. "Akuti kumeneko sakwatitsa akazi okhaokha."

Mwana wawo Osnat anangowerama. Iye ndi Maayan anamanga ukwati ku Canada chaka chatha, ndipo bambowa anavina mpaka nsapato kung'ambika. Koma kuno kwawo, mumzinda wa Haifa, chitupa cha Osnat chinkanenabe kuti ndi wosakwatiwa. Tsopano ankadikira opaleshoni ya ndulu, ndipo pomulembetsa kuchipatala, Maayan anamulemba kuti "mnzake". Mawu amenewa anawabaya mtima Bambo Nissim. Mnzake? Munthu amene amawaphikira nsomba zatsabola Lachisanu lililonse, n'kumawaitana kuti Aba, kutanthauza bambo, ngati mwana wobereka okha?

Mayi Fortuna a khomo loyandikana anamva phokosolo, ndipo analowa osaodira monga mwa chizolowezi chawo.

"Nissim, munapita kuti kodi?"

"Ku ofesi ya marabi, akuluakulu achipembedzo. Nanga ukwati timalembetsa kuti? Ine ndi malemu mkazi wanga tinapita komweko."

"Ha! Moyo wonse kuyendetsa basi, lero mwatsika pa siteji yolakwika!" anaseka Mayi Fortuna. "Kumeneko amamangitsa ukwati wachipembedzo. Anawa ukwati anamanga kale. Chatsala n'kukaulembetsa ku ofesi ya boma yolembera anthu. Khoti lalikulu linagamula kalekale kuti ukwati womangidwa mwalamulo kunja aziulemba, kaya ndi wa akazi awiri kaya amuna awiri. Mchimwene wanga Gilad ndi mwamuna wake analembetsa choncho."

"Zoona, mayi?" anafunsa Osnat, atadzutsa mutu.

"Ndikunamizirenji, mwanawe? Setifiketi yanu ya ukwatiyo ikhale ndi chidindo chotsimikizira cha boma la Canada. Mutenge zitupa, mupite nonse awiri. Bambo akowa angoperekeza, asakatsegule pakamwa."

Anachita zomwezo. Chidindo chinachedwako, mitima ili m'mwamba, koma chinafika. Ku ofesi kuja kalaliki anaona mapepala, anafunsa mafunso ochepa, n'kusintha kaundula. Bambo Nissim anapirira osayankhula, ngakhale milomo inkayabwa.

Tsiku la opaleshoni, namwino anatuluka n'kufunsa, "Ndani ali ndi Osnat? Akufunika wachibale."

Maayan asanatsegule pakamwa, Bambo Nissim anali ataimirira kale, chifuwa patsogolo.

"Mkazi wake ndi uyu," anatero mokweza, mpaka onse pabenchi anatembenuka. "Ine ndine apongozi ake. Lowa, mwanangu, akudikira iwe."

Maayan analowa akupukuta misozi, bambo aja n'kukhala pansi akumwetulira okha.

Ukwati womangidwa mwalamulo kunja sulowa wokha m'kaundula wa dziko lanu. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani ofesi yoyenera, ndipo kumene lamulo limalola, lembetsani vuto lisanagogode pakhomo. Paja safunsa anadya phula.