Chilomwe cha a Rozaria

Masana amenewo banja linali pansi pa mtengo wa mango, likusenda nandolo, pamene Ennie anafika kuchokera ku Migowi ndi nkhani. Bungwe lina lothandiza magule linali litavomera pempho lawo. Thandizo lake linali lochepa, longokwanira galimoto ndi chakudya, komabe gulu la tchopa la ku Jenala linali loti lipita ku Milanje, ku Mozambique, kukabweza ulendo wa anzawo amene anadzavina mwezi wathawo.

Amayi ake, a Rozaria, amene ankatsogolera nyimbo m'gululo, sanadzutse mutu. Anangoti iwo sapita, mawondo akuwawa.

Amuna awo, a Dyson, anaseka. "Mawondo omwe aja anabutsa fumbi pamaso pa alendo?"

Onse ankadziwa chimene chinkawawa. Tsiku la alendolo, gule atatha, mayi wina wachikulire wa ku Milanje anagwira a Rozaria dzanja nayamba kuwalankhula Chilomwe, mokondwa ngati wapeza m'bale wake. A Rozaria anayankha moni yekha, mawu n'kuwathera. Nyimbo ankaziimba bwinobwino monga anazimvera kwa malemu amayi awo, koma tanthauzo lake sankalidziwa.

Amayi awowo anabwera wapansi kuchokera tsidya lomwelo la ku Milanje, ali mtsikana. Ankaimba posinja, polima, ngakhale posambitsa ana. Koma kusukulu anzawo ankawaseka a Rozaria chifukwa cha kalankhulidwe, ndiye anayamba kuyankha amayi awo m'Chichewa mokhamokha, mpaka nawonso analeka kuwalankhula Chilomwe.

"Kuno ndinachita manyazi pakhomo panga," anatero a Rozaria. "Ndikachitenso manyazi kwawo kwa amayi?"

"Safunsa anadya phula," anatero a Dyson. "A Lenia ali pafupi pomwepa. Mbuzi zawo amazikalipira m'Chilomwe tsiku ndi tsiku."

"Ndiye pa ukalamba uno ndikaphunzire kukalipira mbuzi?"

Ennie anakumbutsa kuti popanda wotsogolera nyimbo ulendowo ulephereka, bungwelo lipatsa gulu lina. Amayi ake anati atsogolere iyeyo, mawu ali nawo.

"Akandigwira dzanja ine, amayi, ngakhale moniyo ndilibe."

A Rozaria anatola lichero n'kulowa nalo m'nyumba.

M'mawa mwake anatenga khasu, koma anapitirira munda wawo nakalowa m'munda wa chinangwa wa a Lenia. Anapalira nawo mzere umodzi. Kenaka, maso ali pansi, anayamba kuimba nyimbo imene amayi awo ankaikonda, ija iwo a Rozaria ankaiimba pagule nkhope ili yachisoni, poganiza kuti ndi yolira dziko limene amayi awo anasiya. Atamaliza anafunsa kuti ikunena chiyani.

A Lenia anatsamira khasu, akuseka mpaka kutsokomola. Anati nyimboyo ndi ya mkazi amene akunyoza mwamuna waulesi, wogona mpaka dzuwa kumuwotcha kumapazi.

A Rozaria anakumbukira bambo awo atakhala pakhonde, amayi akusinja cha pafupi, akuimba mokweza ndi kuwayang'ana cham'mbali. Anaseka nawonso, misozi ikutsika.

"Bwerezani pang'onopang'ono, mayi," anatero akupukuta m'maso ndi chitenje. "Ndikufuna ndikaiimbe moyenera ku Milanje."