Chokankha Kumbuyo

Lenard anaimika pikiapu pagalaja ya a Harold ku Limbuli. Kumbuyo ankakoka ngolo yonyamula boti la komiti ya ngozi, chiboti chachitsulo chimene amapita nacho ku Ruo madzi akasefukira. Ngoloyo inalibe mabuleki. Anthu anali atatopa kumuona akutsika zitunda ngati wothamangitsidwa, ndipo komiti inamuuza poyera kuti akonzetse mvula isanagwe, apo ayi makiyi apereke kwa wina. Kuti mawuwo asathere m'malere, inatumanso Agnes, mlamu wake, kuti apite naye.

A Harold anayala zitsulo pathumba, n'kupukuta manja pamimba.

"Mitundu ilipo iwiri, achimwene. Awa ndi a magetsi, mumawalamula nokha muli pachiwongolero. Enawa amagwira okha. Inu mukaponda buleki, ngolo imabwera kudzakankha galimoto, ndiye kukankhako n'kumene kumafinya mabuleki ake."

"Ndipatseni a magetsi," anatero Lenard.

"Si mumalowetsa ngoloyi mumtsinje mpaka matayala kumira? Waya ndi madzi ndi apongozi, saonana. Akanyowa kangapo amafa, ndipo satsanzika. Mudzangozindikira muli pamtsetse."

"Ndati a magetsi."

A Harold anayang'ana Agnes, Agnes n'kuyang'ana pansi.

Makaniyo anali ndi mwini wake. Chaka chimene kunagwa namondwe woopsa, boti lomweli litadzaza amayi ndi ana, linatitimira mumchenga pakati pa madzi. Yakobo, mkulu wake wa Lenard, mwamuna wa Agnes, anadumphira m'madzi nakankha kumbuyo ndi phewa. Boti linasuntha kamodzi, mwamphamvu, Lenard ali m'botimo n'kulimva kumsana. Atacheuka anangoona madzi ofiira ndi ziputu za mitengo. Thupi silinapezeke. Kumanda anaika thunthu la nthochi m'malo mwa thupi, mwambo n'kutha, koma kwa Lenard palibe chinatha. Akuluakulu amati maliro osakhutira amakankha owanyamula, ndipo iye akangoponda buleki pamtsetse, boti n'kugunda kumbuyo, ankamva phewa lija. Ankaopa. Ankasiya buleki n'kuponda moto, kuthawa chinthu chimene anachimangirira yekha kugalimoto. Komabe makiyi sakanawapereka, poti boti limeneli ndi chinthu chomaliza chimene mbale wake anachigwira.

"Alamu," anatero Agnes motsitsa mawu, "mwezi wamawa mukhala mukunyamula ana a eni. Komiti ikandifunsa, ndikanene kuti mwasankha mabuleki ofa m'madzi?"

Lenard anakhala patayala lakale n'kuyang'ana phiri, kumene mitambo inali itayamba kale kudetsa nsonga. Patapita kanthawi anagwedeza mutu kuvomera mabuleki ogwira okha aja, a Harold n'kulowa pansi pa ngolo akuimba mluzu.

Dzuwa litapendeka ntchito inatha. A Harold anatsamira pawindo la pikiapu.

"Chimodzi chokha. Amenewa safuna munthu wamantha. Mukamva kukankha, musathawe. Mukaponda moto ngolo imatsalira, mabuleki ake n'kusiya. Phazi likhale pabuleki, muilole ikufikeni. Ikakufikani ndi pamene imagwira."

Ananyamuka. Anadutsa njinga zonyamula matumba a chimanga, n'kukhotera kamsewu kafumbi kodutsa m'minda ya tiyi. Agnes anakhala pambali pake, chikwama chili pamiyendo. Chiikireni maliro aja anali asanakhalepo awiriwiri. Lenard ankamutumizira ndiwo ndi sopo kudzera mwa anthu, ndipo akamuonera patali kutchalitchi ankatulukira khomo lina.

Mtsetse wopita kumtsinje unayamba. Pikiapu inathamanga yokha, ngolo ikulira kumbuyo. Lenard anaika phazi pabuleki. Anadziwa chimene chikubwera.

Chinabwera. Gu, kumsana, monga tsiku lija. Phazi lake linafuna kudumphira pamoto monga linazolowera. Analikanikiza pomwepo, ataluma mano. Kukankhako kunakula, kunamufika mpaka m'nthiti, kenaka kunafewa. Kumbuyo kunamveka zitsulo zikugwirana, ndipo boti lonse lija, ndi kulemera kwake konse, linayamba kutsika naye pang'onopang'ono.

Misozi inamutsekera njira. Anaimika galimoto pambali, madzi a Ruo akuonekera kumunsi pakati pa bango.

"Mwamva?" anafunsa.

"Ndamva, alamu."

"Amandikankha chonchi tsiku lililonse."

Agnes sanafunse kuti ndani. Anayang'ana mtsinje kwa nthawi, n'kukonza mpango kumutu.

"Inu bola amakukankhani," anatero. "Kwanga sabwera, ngakhale kumaloto. Ndinalira nthochi ine, alamu. Amene munamuona komaliza ndinu, ndipo mumandithawa. Ndiuzeni mmene anapitira."

Lenard anakoka handibuleki, nazimitsa injini.