Makapisozi m'Madzi a Njuchi

Manesi anapeza njuchi zili mbwee pansi pa mng'oma wachitatu, zina zitafa, zina zikungokwawa ngati zaledzera. Panali patangotha sabata chiikireni maliro a bambo ake, a Malizani, ndipo mwa ming'oma isanu yomwe anasiya m'phiri ku Kasakula, iwiri inali itatheratu. Anazungulira mtengo wa mng'omawo kawiri, kenako anathamangira kunyumba.

Amayi ake, a Roza, sanabise. Anati ataona njuchi zikufooka ndi chisanu cha Juni, anazisungunulira shuga monga ankachitira malemuwo, n'kuthiramo makapisozi omwe anatsala pa matenda a amuna awo. Nanga nkhuku zikamaodzera si momwe timachitira?

Manesi anafuna kukalipa, koma chisoni chinamugwira. Anawauza zomwe bambo ake ankakonda kubwereza chibwerereni ku maphunziro a alimi a njuchi, zoti m'mimba mwa njuchi mumakhala tizilombo tabwino togaya chakudya ndi kutchinga matenda, ndipo njuchi zazing'ono zimatenga tizilomboti kwa zazikulu podyetsana. Mankhwala sasankha, amasesa toipa ndi tabwino tomwe.

"Ndiye kuti ndazipha ndine," anatero a Roza. Tsiku limenelo sanakhale pansi, ankangolowa ndi kutuluka m'nyumba.

Kuti zotsalazo zipulumuke panafunika zisa zochokera mumng'oma wathanzi, zokhala ndi ana ndi njuchi zowalera. M'mudzi monse mlimi wina wa njuchi anali mmodzi yekha, a Aroni, omwe anatha zaka zisanu ndi zitatu osalankhulana ndi a Malizani chifukwa cha malire a munda. A Roza anati kuli bwino njuchizo zife kusiyana ndi kukapempha kwa a Aroni. Manesi anapitabe.

A Aroni anamvetsera pempho lake. Anayatsa zitsotso kuti pakhale utsi, natsegula mng'oma wawo, n'kusankha zisa zitatu zodzaza bwino. Manesi atayamba kuthokoza, anamudula.

"Musathokoze, mayi. Chaka chachiwiri cha mkangano wathu njuchi zanga zinatsala pang'ono kutha. Tsiku lina ndinapeza bambo anu akutseka mng'oma uno, atandiikiramo zisa zawo. Ngakhale moni sanandipatse. Izi ndi zidzukulu za njuchi zanu."

A Aroni anakulunga zisazo m'thumba, nalinyamula okha mosamala. Atafika pamalire aja anaima pang'ono, navula chipewa, n'kudutsa.