Nsangalabwi ya a Solomoni

Anthu amati ine Kalebe ndine wanseru yonyanya, chifukwa sindimwera chikho chimodzi ndi munthu. Anene, pakamwa mpawo. Iwo sanaphunzire uphunzitsi kwa a Solomoni.

Kunali kutatsala zaka ziwiri kuti nkhondo ya Ajeremani iyambe pamene a kumishoni ananditumiza kusukulu ina ya kumudzi, m'mapiri a ku Ntchisi, kuti ndikaphunzire ntchito pansi pa mphunzitsi wamkuluyo. Anandipatsa miyezi itatu. Ikatha, Mzungu woyendera masukulu adzabwera kudzandionerera ndikuphunzitsa. Akakhutira, ndilandira pepala ndi sukulu yangayanga. Akapanda kukhutira, ndibwerera kumtengatenga, kukasenza mitolo kuchokera kunyanja mpaka ku Dowa, ntchito imene inandimeta dazi ndisanakwatire n'komwe. Kumeneko ndinali nditalumbira kuti sindidzapondakonso.

Anandipatsa ana osinkhukirapo, aja a zaka khumi ndi ziwiri mpaka khumi ndi zinayi, amene mawu ayamba kusintha ndipo saopanso munthu. Analipo makumi atatu. Abale inu! Ndikangotembenukira kubolodi, kumbuyo kwasanduka msika. Wina akutsina mnzake, wina akukukuta chimanga chokazinga, wina akuzula thekenya kuphazi ndi munga, wina akulavulira pasileti n'kupukuta ndi chigongono. Ndikakuwa kuti "Chete!" iwo n'kundibwezera "Chete!" ndi mawu anga omwe. Koma a Solomoni akangosuzumira pakhomo, zii. Ngakhale ntchentche umachita kuimva.

Sabata yachiwiri ndinawafunsa chinsinsi chake.

"Iwe umakuwa ngati ukupirikitsa anyani m'munda," anatero. "Mawa ukhale kumbuyo, uone mmene timachitira."

M'mawa mwake anapisa dzanja m'kachikho kamene kankapachikidwa kutsindwi, natulutsa nsangalabwi yaikulu ngati dzira la nkhunda. Inali yakuda, yonyezimira, koma osati kunyezimira kwa madzi ayi. Posakhalitsa mnyamata wina, Yosefe, ananong'oneza mnzake. A Solomoni anangoti, "Yasama." Mwana anayasama, mwala n'kulowa. Anakhala nawo m'kamwa, dovu likutsikira pachifuwa, maso ali pa anzake, kudikira. Lamulo linali lakuti mwalawo umatuluka pokhapokha wina akayankhula asanafunsidwe. Patapita nthawi kamtsikana kena kanapempha cholembera kwa mnzake. Yosefe analoza chala mosangalala, analavulira mwala m'dzanja, n'kuupereka ulusi wa malovu ukulendewera. Kamtsikanako kanatseka maso n'kuyasama.

Ine ndinatuluka n'kukasanza kuseri kwa sukulu.

"Bambo, kodi simuutsuka?" ndinawafunsa ana ataweruka.

Anandiseka. "Nditsuke mankhwala? Chimene amaopa ndi malovu a mnzawo, osati mwala. Zaka zisanu ndi zinayi umenewu sunaone madzi. Ndipo taona, ine sindimenya mwana wa munthu. Amalondana okha."

Ankanena monyadira, munthu wajekete, woyambitsa nyimbo m'tchalitchi Lamulungu. Ndinawauza kuti Yosefe ali ndi zilonda m'mbali mwa milomo, zamafinya, zimene ntchentche sizinkachokapo. Anati ana onse akuno ali ndi zilonda, ngati si pakamwa ndiye pamwendo, nanga tileke kuphunzitsa?

Ndinakana. Ndinati zauve zoterezi ine ayi, kuli bwino ndilephere. Ndipo ndinkanena ndi mtima wonse, musandiseke.

Ndiye ndinayamba kuwayang'anitsitsa anawo, mpaka ndinaona kuti phokoso lili ndi mwini wake. Anali Debora, mtsikana wamtali walilime lakuthwa, amene akati aseke, onse amaseka. Ndinasiya kulimbana naye. Ndinamuika kutsogolo kuti azitsogolera kuwerenga manambala moimba, monga amachitira pamtondo, iye kuyambitsa, anzake kuvomera. Anyamata ovuta ndinawalekanitsa, aliyense ndi ntchito yake, wina kugawa masileti, wina kutunga madzi opukutira kuti zolavulazo zithe. Ndinaphunziranso kusawafulatira nthawi yaitali. Phokoso silinathe, koma linasanduka phokoso la ntchito, ndipo ndinayamba kudzuka m'mawa osatukwana. Tsiku lina Debora anandipeza panja n'kugwada.

"Aphunzitsi, inuyo mwala uja simudzatipatsa eti?"

"Ine? Ndi dzanja ili?" ndinatero. "Sizingachitike."

Mzungu anafika Lachinayi m'mawa pabulu, atagwidwa chimfine. A Solomoni anali ataphunzitsa kale Mawu a Mulungu, ndipo phunziro lonselo mwala unali m'kamwa mwa Yosefe. Mzungu ndi a Solomoni anakhala kumbuyo pabenchi, ine n'kuyamba masamu. Zinkayenda, ndithu zinkayenda, manja m'mwamba, mayankho olondola.

Kenako Mzungu anatulutsa kansalu koyera m'thumba n'kuminiramo, pwee! Anasuzumiramo, anakapinda bwinobwino, n'kukabwezera m'thumba momwemo.

"Mayo ine!" anafuula Debora asanadzigwire. "Asunga mamina! Akapatsa ndani kwawoko?"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ena kugubuduzika pansi, ena kutsanzira kulira kwa mphuno. Ndinaomba m'manja, osamveka. Ndinayambitsa nyimbo ya manambala, palibe anavomera. Mzungu anafiira makutu. Anangotsegula buku lake n'kunyambita nsonga ya pensulo. Ine pomwepo ndinamva mtolo ukundikanikiza pamutu, ndi chikweza cha kunyanja chija m'mawondo.

A Solomoni ananyamuka mwakachetechete, anatsitsa kachikho, anakaika patebulo langa, n'kubwerera pamalo pawo.

Sindinganame kuti anandikakamiza. Dzanja langa lomwe ndi limene linapisamo. Mwala unali ukadali wonyowa, woterera ngati nkhono.

"Debora. Yasama."

Kuseka konse kunaduka. Mtsikana anandiyang'ana, anayang'ana mwala, n'kucheukira pakamwa pa Yosefe.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa, "paja munati..."

"Ndati yasama!"

Anayasama. Sanatseke maso monga ankachitira anzake. Ndinaphunzitsa theka la ola lathunthu iye akundiyang'ana, dovu likutsika pachibwano, osalipukuta. Palibe amene anayankhula asanafunsidwe, choncho mwala sunachoke m'kamwa mwake mpaka kumapeto. Mzungu kumbuyo kuja kaya sanaone, kaya anaona n'kusankha kusafunsa, ine sindidziwa. Ana atatuluka, Mzunguyo anandigwira paphewa.

"Uli ndi dzanja lolimba, Kalebe. Mphunzitsi azitero."

Pepala analemba pomwepo. Ine dzanjalo ndinakalikwecha ndi mchenga mpaka kusupuka, koma masana amenewo ndinalephera kudya nalo.

Debora anabweranso masiku anayi, osayambitsa nyimbo, osaseka, ndipo kalasi yonse inali zii ngati ya a Solomoni. Kenako anasiya kubwera. Patatha sabata ziwiri ndinakumana naye panjira ya kuchitsime, mtsuko uli pamutu, nsalu ataigwirira kukamwa. Pofuna kutula mtsuko kuti andipatse ulemu, nsalu inagwa. Pangodya ya mlomo panali chilonda chofiira, chonyowa, ntchentche ziwiri zitateramo kale. Ndinamupatsa moni. Anagwada monga mwana woleredwa bwino, maso pansi, koma pakamwa sanatsegule. Ndinadzida, abale. Ndinadzinyansa kuposa mmene a Solomoni anandinyansirapo.

Tsiku lonyamuka kupita kusukulu yanga yatsopano, mkuluyo anandiperekeza mpaka pamtsinje, akundilangiza za kaundula ndi za makolo ovuta. Tili pamadzi anawerama, anasankhasankha, natola nsangalabwi yosalala bwino.

"Iyi ndi yako, ukayambire. Poyamba siopsa kwenikweni, koma uipatse chaka chimodzi. Usadzaitsuke."

Ndinafuna kuwalavulira kumaso. Ndinafuna kuiponya pakati pa dziwe iwo akuona. Koma anali akuluakulu, ndipo pepala linali m'thumba la malaya anga. Ndinapinda bondo, ndinalandira ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo bambo.