Kamzere ka Pakati pa Dzina

"Lemba ana atatu basi," anatero bambo aang'ono ataima kumbuyo kwa mpando. "Zinazo loya akafunsa tidzafotokoza."

Amene anali pampandopo sanatembenuke. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro a bambo ake, ndipo anali atakhala pampando wawo m'kashopu kotayipira anthu makalata, akulemba kalata yonena za ana a malemu ndi nyumba imene anasiya. Iye anali mwana wopeza. Anabwera ndi mayi ake ali ndi zaka zisanu, ndipo bambowo anaphatikiza dzina lawo ku dzina la bambo ake omubereka, pakati n'kuikapo kamzere.

Anadzilemba koyambirira, monga mwana wamkulu. Dzinalo litafika kumapeto kwa mzere linaduka pakamzere paja. La omubereka linatsala m'mwamba, la malemu n'kugwera pansi lokha.

"Waonatu, ngakhale kompyuta ikudziwa," anatero bambo aang'ono.

Iye anasiya kutayipa.

Mkulu wa fotokope, amene anagwira ntchito ndi malemu zaka khumi ndi zisanu, anasiya mapepala n'kuyandikira.

"Mwanawe, tsegula fayilo iliyonse ya bambo ako. Upite pakabokosi kaja kosonyeza mwini wa fayilo."

Anatsegula. Pamalo a mwini panalibe dzina la bambo ake. Panali lake, lathunthu. Anatsegula ina, kenako inanso: makalata ofunsira ntchito, odandaula, opepesa. Monsemo linali lake.

"Litenge pamenepo ukaliike m'kalatayo," anatero mkulu uja.

Analiika. Dzina linafika kumapeto kwa mzere koma linakana kuduka. Linatsikira pamzere wina lonse pamodzi.

"Kameneko si kamzere wamba," anatero mkuluyo. "Utawagulira kompyutayi ndi malipiro ako oyamba aja, anati mwini wake ndiwe, ndipo analembamo dzina lako. Tsiku lina analiona litaduka m'munsi mwa kalata. Kuti kamzere kosadukaka kalowe m'kalata amachita kudina mabatani atatu pamodzi, koma m'kabokosi umo kamakana kulowa. Analimbana nako masana onse, makasitomala akudikira pabenchi, mpaka anapeza kokakopera. Ine ndinawaseka, ndati ndani adzaone zimenezo? Iwo anangoti, 'Dzina la mwana wanga lisamaduke pakati ngati la munthu wosowa kwawo.'"

Bambo aang'ono anakanda kuseri kwa khutu, maso ali pawindo.

"Sanandiuzepo," anatero iye chapansipansi.

"Bambo ako aja ankanena zinthu?" anayankha mkulu uja.

Iye anasindikiza kalata ya ana anayi. Bambo aang'ono anaiwerenga kawiri, anasaina, n'kutuluka osatsanzika.

"Mabataniwo ndi ati?" anafunsa iye atatsala awiri.

Mkulu uja anamugwira dzanja n'kumuika zala pamabatani atatu. Onse anali osalala, zilembo zake zitafufutika ndi zala za bambo ake. Anakhala choncho osadina, misozi ikudontha pamkono.